Digiri ya Kulemba ndi Ngongole Yake: Zimene Zaoneka ku America

M'dziko la United States of America muli anthu oposa 40 miliyoni amene ali ndi ngongole ya maphunziro ku Boma, ndipo m'chaka cha 2024 ngongole yonseyo pamodzi inali itapitirira madola 1.6 thililiyoni. Pakati pa anthu amenewa pali anyamata ndi atsikana amene anakongola ndalama kuti akaphunzire kulemba nthano, ndakatulo ndi masewero m'mayunivesite. Mlandu umene makolo ndi aphunzitsi a kumeneko ali kuukamba ndi uwu: kodi cholembera chingathe kubweza ndalama zimene munthu anakongola pophunzira kuchigwira?

Chiyambi Chake

Yunivesite ya Iowa ndiyo inatsegula njira m'chaka cha 1936, pamene inakhazikitsa sukulu yotchedwa Iowa Writers' Workshop. Mmodzi wa ophunzira ake, Flannery O'Connor, analandira digiri yake mu 1947, nadzakhala mlembi womveka m'dziko lonselo. Mayunivesite ena ataona zimenezi anatsanzira, kotero kuti lero sukulu zotere zilipo mazanamazana.

Ngongole nayo inakula pang'onopang'ono. Boma la America linayamba kukongoza ophunzira ndi lamulo la 1958, nilikulitsa ntchitoyo ndi lamulo lina la 1965. Kuyambira 2006 ophunzira a digiri yachiwiri analoledwa kukongola ndalama zonse zimene yunivesite inanena kuti ndizo mtengo wa maphunziro ndi wa chisamaliro chawo. Pamenepo ndipo ambiri analowa m'ngongole zazikulu, pakuti panalibe wowaletsa.

Masamu a Ngongole

Wophunzira amene akongola pa digiri yoyamba amatsiriza ali ndi ngongole ya madola pafupifupi 30,000. Chiwongoladzanja cha Boma pa ngongole zotengedwa m'chaka cha maphunziro cha 2024 mpaka 2025 chinali 6.53 peresenti. Munthu wobweza ndalama zotere m'zaka 10 ayenera kupereka madola pafupifupi 340 mwezi ndi mwezi, ndipo pomaliza adzakhala atapereka madola pafupifupi 41,000. Ndiko kunena kuti madola 11,000 ndi mtengo wa kukongolako, wosawerengera buku, chakudya kapena phunziro lililonse.

Pa digiri yachiwiri mtolo umalemera koposa. Mu 2021 nyuzipepala ya Wall Street Journal inafufuza za ophunzira a zamafilimu a yunivesite ya Columbia ku New York, kumene luso la kulemba masewero a kanema limaphunzitsidwanso. Inapeza kuti mwa iwo amene anakongola ku Boma, wa pakatikati anali ndi ngongole ya madola 181,000, koma patapita zaka ziwiri chitsirizire maphunziro, theka la iwo linali kulandira malipiro osafika madola 30,000 pa chaka. Dzina la sukulu linali lalikulu, koma monga akulu ananenera, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Malipiro a Olemba

Pa nkhani ya malipiro pali ziwerengero ziwiri zooneka ngati zotsutsana, ndipo munthu wosazindikira angasokere nazo. Ofesi ya Boma yowerenga za ntchito, Bureau of Labor Statistics, inanena kuti mu 2023 mlembi wa pakatikati anali kulandira madola oposa 70,000 pa chaka. Koma bungwe la olemba mabuku la Authors Guild, litafunsa alembi oposa 5,000, linapeza kuti mu 2017 wa pakatikati anapata madola 6,080 okha pa zolemba zake, ndipo ngakhale iwo amene kulemba ndiyo inali ntchito yawo yeniyeni anapata madola 20,300.

Ziwerengero zonse ziwirizi nzoona, koma zili kunena za anthu osiyana. Choyamba chiwerenga anthu olembedwa ntchito, olandira malipiro pa mwezi, monga iwo amene amalemba mawu otsatsa malonda m'makampani. Chachiwiri chiwerenga anthu odikira gawo lawo pa mabuku ogulitsidwa. Mnyamata amene alowa yunivesite ali kulota za buku lake, koma ngongole yake idzabwezedwa ndi malipiro a pa mwezi. Fodya wa munthu ndi amene ali pamphuno. Wa pachala ngwa mphepo.

Njira Zopepukira

Sikuti aliyense wophunzira luso limeneli amagwa m'ngongole ayi. Sukulu zina, monga Michener Center ku Texas ndi yunivesite ya Cornell, zimalandira ophunzira owerengeka, osawalipiritsa, ndi kuwapatsanso ndalama zodyera. NoViolet Bulawayo wa ku Zimbabwe anaphunzira pa Cornell, napambana mphotho ya Caine mu 2011. Chifukwa chake alangizi ambiri a kumeneko amauza achinyamata kuti digiri yachiwiri ya kulemba njoyenera kuitenga pokhapokha ngati sukulu ndiyo ikulipira. Langizo lina lofala nlakuti ngongole yonse isapose malipiro amene munthu ayembekeza kulandira m'chaka chake choyamba cha ntchito.

Boma nalo lachitapo kanthu. Lamulo la 2007 linalola kuti aphunzitsi a m'sukulu za Boma ndi ena otumikira anthu akhululukidwe ngongole yotsala atabweza mokhulupirika miyezi 120. Mu 2015 Boma linakonzanso College Scorecard, malo a pa intaneti pamene kholo lingathe kuona ngongole ndi malipiro a ophunzira akale a sukulu iliyonse. Pamene Pulezidenti Joe Biden anafuna kukhululukira anthu ambiri gawo la ngongole zawo nthawi imodzi, bwalo lalikulu la milandu linakana mu June 2023. Ndipo lamulo la 2025 linabwezera malire: kuyambira 1 July 2026, wophunzira watsopano wa digiri yachiwiri ngati imeneyi sangakongole ku Boma zoposa madola 20,500 pa chaka.

Phunziro kwa Dziko Lino

Nkhani imeneyi ikhudzanso Malawi, pakuti kuyambira ndi lamulo la 2015 Boma lili kukongoza ophunzira osowa kudzera m'bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo ndalama zobwezedwa ndizo zithandiza ophunzira a m'mbuyo. Mwana amene akongola wopanda kulingalira za ntchito imene adzabwezere adzisautsa yekha, namanitsanso mng'ono wake.

Mbiri ya alembi a dziko lino ili kusonyeza njira. Samuel Ntara, amene buku lake la Nthondo linatuluka mu 1933, anali mphunzitsi. Jack Mapanje anaphunzitsa pa Chancellor College, kumene gulu la alembi lotchedwa Writers Group linayamba mu 1970, ophunzira ndi aphunzitsi nasulana luso popanda malipiro ena. Ngakhale ku America komweko, William Carlos Williams anali dokotala, ndipo Toni Morrison anagwira ntchito ya ukonzi wa mabuku ku Random House zaka zambiri ali kulemba mabuku ake oyamba.

Tsono mphunzitsi amene aona mwana waluso m'kalasi mwake sayenera kumfooketsa, pakuti dziko lopanda alembi ake limamva mbiri yake kwa alendo. Koma ayenera kukhala naye pansi pamodzi ndi makolo, nalembe pa pepala zinthu zitatu: ndalama zimene mwanayo adzakongola, zimene adzabweza pa mwezi, ndi ntchito ya malipiro, kaya ya uphunzitsi, utolankhani, ukonzi kapena kumasulira, imene digiriyo ingathe kumtsegulira. Masamuwo akagwirizana, mwanayo apite akaphunzire ndi mtima wokhazikika.