Musanataye chidole, yang'anani kuphazi kwake

Ntchito yanga ndi ya zidole zakale zapulasitiki. Ndimazigula, kuzitsuka, kuzikonza, zina n'kugulitsa, zina n'kusunga. Ndimakhala ku Luwinga kuno ku Mzuzu, ndipo ndine munthu wamkulu, wa imvi zanga. Zidole zomwe ndikunenazi ndi za ngwazi za m'mabuku azithunzi ndi m'mafilimu, monga Superman, Batman, Spider-Man ndi Black Panther, zija zimapindika khosi, zigongono ndi maondo. Alendo akaziona zitandandalikidwa m'kabati yagalasi, ena amati n'zachibwana. Ena amatsitsa mawu n'kufunsa ngati si zithumwa. Palinso ophunzira a pa yunivesite ya Mzuzu, yomwe tili nayo pafupi, amene anawerenga pa intaneti kuti zidole zakale ndi chuma, ndiye amafuna kudziwa ndalama zomwe zagona m'kabatimo. Onsewa ndimawauza chinthu chimodzi: tengani chidolecho, muchizondotse.

Kuphazi kwa chidole chenicheni, kapena kuseri kwa ntchafu, kapena pamsana, pamakhala timalemba ting'onoting'ono todindidwa m'pulasitikimo. Timanena dzina la mwini ngwaziyo, kaya Marvel kaya DC Comics, kawirikawiri dzina la kampani yomwe inachiumba, chaka, ndi dziko lomwe chinapangidwira, nthawi zambiri China. Ntchito yathu yonse imayambira pamenepo. Ine ndimayenda ndi kagalasi kokulitsa zinthu m'thumba, ndipo kukakhala kamdima ndimaunika ndi tochi ya foni cham'mbali kuti malembawo atuluke bwino. Koma chenjerani, chaka chimenecho ndi chomwe anapanga chikombole. Chikombole chimodzi amatha kuchigwiritsa ntchito zaka zambiri, moti chidole cholembedwa 2012 chikhoza kukhala kuti chinatuluka m'fakitale patapita zaka zingapo. Munthu akakuuzani kuti chake n'chakale chifukwa cha chaka chokhacho, sanamalize kufufuza.

Mayina a makampani amathandiza kwambiri. Ngwazizi zinabadwira papepala kalekale: Superman mu 1938, Batman mu 1939, Spider-Man mu 1962, Black Panther mu 1966. Zidole zawo zopindika zinabwera pambuyo. Kampani ya Hasbro inatulutsa msilikali wotchedwa G.I. Joe mu 1964, wamtali pafupifupi masentimita 30, ndipo ndi iyeyo anatsegulira njira ena onse. Ya Mego inayamba kugulitsa ngwazi za m'mabuku mu 1972, zovekedwa zovala zansalu, koma inagwa mu 1982. Mu 1984 Kenner inabwera ndi Super Powers za DC, Mattel n'kubwera ndi Secret Wars za Marvel. Toy Biz inayambitsa mtundu wa Marvel Legends mu 2002, ndipo kuyambira 2007 mtunduwu unapita m'manja mwa Hasbro. Ndiye mukaona Spider-Man wa masentimita pafupifupi 15, wopindika ngakhale zala, wolembedwa Toy Biz, mwadziwa kale kuti sanapitirire chaka cha 2006. Mbiri imeneyi sindiiloweza pofuna kudzitama. Ndi imene imandiuza kuti ndigule kapena ndidutse.

Zimafika bwanji kuno? Njira yake ndi yomweyo ya malaya ndi nsapato zathu. Mwana wa ku Ulaya kapena ku America akakula, makolo amapereka zoseweretsa zake kumabungwe olandira katundu wakale. Kumeneko amazisankha, kuziika m'matumba ndi m'mabelo, n'kuzikweza sitima yapamadzi, mpaka zidzafike pamkeka wa mayi wogulitsa kaunjika ku Zigwagwa kapena mumsika waukulu wa Mzuzu. Zimabwera zitasakanikirana ndi tizimbalangondo tathonje, timagalimoto topanda mateyala ndi zidole za atsikana zametedwa mbali imodzi. Wogulitsa amaika mtengo poona kukula kwa chinthu basi. Chachikulu chodula, chaching'ono chotchipa. Ine ndikapeza chabwino ndimawauza poyera kuti, “Amama, ichi n'choposa zinzakezi,” n'kuwonjezerapo pa mtengo womwe atchula. Ndimatero chifukwa ndi anthu omwewo amene adzandisungire china belo lina likadzatsegulidwa, komanso chifukwa kudyera munthu masuku pamutu kaamba koti sakudziwa ndi kuba ndithu.

Chidole chachinyengo chimadziwika m'manja maso asanachione. Chimapepuka, m'kati muli mphako. Mukachinunkhiza chimatulutsa fungo lamphamvu la mankhwala. Mzere womwe mbali ziwiri za chikombole zinakumanirana umakhala wakuthwa, woti n'kukanda chala. Penti ya m'maso imapitirira malire, diso lina kumwamba lina pansi, ndipo kuphazi kulibe malemba, kapena alipo koma ofufutika chifukwa anaumbira pa chidole chinzake. Chenicheni chimalemera pang'ono, ndipo bondo likamapindika limagwira, silimangogwa. Zachinyengo zadzaza m'misika ndi m'mashopu, zili m'mapaketi owala bwino. Sindinyoza kholo lomwe lagulira mwana wake chotero, mwana amasewera nacho n'kusangalala. Chomwe ndimakana n'choti munthu achigulitse ngati chenicheni.

Tsopano za chuma zija. N'zoona kuti mu 2024 buku lazithunzi la Action Comics loyamba, lomwe munatulukira Superman, linagulitsidwa madola 6 miliyoni ku America. Nkhani zotere ndi zomwe zimazunguza achinyamata mitu. Koma zinthu zodula choncho zimakhala zosowa kwambiri, zosungidwa bwino, ndipo kwa zidole, zomwe zimakwera mtengo kwenikweni ndi zomwe sizinatsegulidwepo m'paketi yake. Zathu za pakaunjika zinaseweretsedwa kale. Batman amafika wopanda chinsalu chake chakumbuyo, Thor wopanda nyundo, Captain America wopanda chishango, wina atalumidwa dzanja ndi galu. Tizipangizo timeneti ndi timene timakweza mtengo, moti nthawi zina chishango chokha chimasowa kuposa mwini wake. N'chifukwa chake mudzandipeza nditagwada ndikupapasa pansi penipeni pa thumba, pomwe pamagwera tizidutswa. Amene akufuna kulowa mu ntchitoyi kuti alemere msanga, ndimamulangiza akayambe bizinesi ina. Pano phindu ndi lochepa, ndipo limabwera pang'onopang'ono.

Gawo lomwe ndimalikonda ndi la kukonza. Chidole chimodzi chimakhala ndi mitundu iwiri ya pulasitiki. Chifuwa nthawi zambiri chimakhala cha pulasitiki youma yotchedwa ABS, pomwe mutu, manja ndi miyendo zimakhala za PVC yofewa. PVC imafewa chifukwa amaisakaniza ndi mafuta ena ake, ndipo zaka zikamapita, makamaka pamalo otentha, mafutawo amatuluka, chidole n'kuyamba kumata m'manja. Anthu amaganiza kuti chaola, amachitaya. Mankhwala ake ndi madzi ofunda, sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakutha. Mwendo ukakhota chifukwa chopanikizika m'belo, ndimauviika m'madzi otentha kanthawi kochepa, kuuwongola ndi zala, kenaka kuunyika m'madzi ozizira kuti uumire pomwepo. Bondo likauma musalikakamize, kamtengo kapulasitiki kam'kati kamathyoka ndipo sikalumikizika bwino. Litenthetseni kaye ndi madzi omwewo. Likakhwepa, kadontho ka kyuteksi yopanda mtundu pamfundopo kamalilimbitsa, bola muzilipindapinda mpaka iume. Koma mankhwala ofufutira kyuteksi, thina ndi petulo musayandikize n'komwe. Amasungunula ABS ndi kuchotsa penti, nkhope ya ngwazi n'kusanduka phala inu mukuona.

Nyengo ya Mzuzu nayo ili ndi zake. Mvula yathu imachedwa kusiya, ndipo m'miyezi yozizira chinyontho chimalowa mpaka m'makabati. Pulasitiki sivutika kwambiri, koma zovala zansalu ndi makatoni zimachita chuku, tizitsulo tam'kati n'kuchita dzimbiri. Ndimatolera timapaketi toyamwa chinyontho tija timapezeka m'mabokosi a nsapato, n'kuika m'makona a kabati. Dzuwa nalo ndi mdani. Chidole chokhala pawindo chimasuluka, chofiira n'kuyezuka, choyera n'kusanduka chachikasu, ndipo zikatero sichibwereranso.

Kwa ofunsa za zithumwa, ndimayankha mwaulemu chifukwa ndikudziwa komwe mantha awo akuchokera. Chinthu chooneka ngati munthu, chosungidwa m'nyumba ya munthu wamkulu, kwathu kuno chimadzutsa mafunso. Ndimachotsa mutu wa chidolecho iwo akuona, kuwaonetsa m'kati mopanda kanthu ndi malemba a fakitale aja. Ambiri amatha mantha, ndipo ena amayamba kukumbukira filimu yomwe anaonera kuvidiyo sho ali ana. Kwa onena kuti n'zachibwana, ndimawapatsa kagalasi kaja kuti aone makwinya a pachovala ndi mitsempha ya padzanja. Pali munthu amene anakhala pansi n'kuumba zimenezo chikombole chisanapangidwe, ndipo luso lake ndimalilemekeza monga ndimalemekezera osema ziboliboli a mumsewu wa ku Nkhata Bay.

Chomwe chimandipweteka mtima ndi china. M'kabati mwanga shelefu yapamwamba ndinaipatula kuti ikhale ya zathu: magalimoto amawaya, njinga zamawaya zokhala ndi munthu wopalasa, ng'ombe zadongo. Shelefu imeneyi ndi yovuta kudzaza kuposa zonse. Spider-Man anapangidwa mamiliyoni, ndipo wina akatayika ku Luwinga, anzake alipo dziko lonse. Koma galimoto yamawaya yomwe mnyamata anapinda yekha, mateyala a zitsekerero za mabotolo, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno, ilipo imodzi yokha, ndipo ikapita kudzala yapita. Mu 1990 mlembi wa ku America, Karen Lynn Williams, anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna mawaya, ndipo ana akunja akhala akuliwerenga m'masukulu mwawo. Eni akefe sitinasunge magalimotowo. Anansi athu a ku Zambia anaonetsa kuti ngwazi zikhoza kubadwira kuno: mu 2023 Netflix inayamba kuonetsa katuni ya Supa Team 4, yoyambitsidwa ndi Malenga Mulendema, ya atsikana anayi oteteza mzinda wa Lusaka. Ndikulakalaka tsiku lomwe m'kabati mwanga mudzaime ngwazi yojambulidwa ndi kuumbidwa ndi mwana wa ku Mzuzu.

Inu makolo, mwana akakula musathamangire kutentha zoseweretsa zake pamodzi ndi zinyalala za pabwalo, utsi wa pulasitiki yotere ndi woipanso m'chifuwa. Za kufakitale zitsukeni mupatse mwana wina. Zomwe anapanga yekha ndi manja ake zisungeni pouma, mulembe dzina lake ndi chaka pakapepala, mumangirirepo.