Ulendo wa Ndalama za Boma, Kuchokera ku Maputo Kufika ku Furancungo

Munthu aliyense amene wagula malata, simenti kapena mayunitsi a foni pa sitolo ya ku Furancungo, ngakhale sanapondepo pakhomo pa ofesi ya msonkho ya Autoridade Tributária, wakhoma kale msonkho, pakuti m'kati mwa mtengo wa katundu wotere muli msonkho wotchedwa IVA, umene kuyambira 2023 uli 16 pa 100 iliyonse. Ndipo popeza ndalama zimenezi zituluka m'manja mwa alimi a fodya a ku Macanga ndi alimi a kachewere ndi tirigu a ku Tsangano, n'koyenera kuti eni ake adziwe njira imene ziyendamo zisanabwerere kwa iwo ngati sukulu, mlatho kapena mankhwala.

Chaka cha chuma cha boma la Mozambique chiyamba pa 1 Januwale ndi kutha pa 31 Disembala, ndipo kasungidwe ka chumacho kalamulidwa ndi lamulo la SISTAFE, limene linakhazikitsidwa mu 2002 ndi kukonzedwanso mu 2020. Monga mwa dongosolo, zofuna za anthu ziyambira pansi, m'mabwalo a uphungu otchedwa conselhos consultivos, amene akhala pa localidade, pa posto ndi pa boma, mmene mafumu, atsogoleri a mipingo, amayi ndi amalonda anena chimene chiwasowa. Administrador ndi akuluakulu a maphunziro, zaumoyo, zaulimi ndi zomangamanga azisonkhanitsa m'chikalata cha boma lawo. Chikalatacho chipita ku Tete, ndi kuchokera kumeneko ku unduna wa zachuma ku Maputo, kumene zopempha za dziko lonse ziyesedwa pa muyeso wa ndalama zimene zilipo. Nduna zikagwirizana, zipereka ndondomeko yonse, imene kuyambira 2022 itchedwa PESOE, kwa aphungu 250 a Assembleia da República, ndipo iwo akaivomereza isanduka lamulo, kotero kuti palibe nduna, ingakhale yomveka chotani, imene iloledwa kuwononga kapena kukongola kupyola malire amene aphunguwo aika.

Koma wina asanyengedwe kuti chimene chalembedwa chafika. Akatswiri a zachuma, a m'dziko muno ndi a IMF omwe, akhala akuchenjeza kuti malipiro a antchito a boma, amene anakwera kwambiri pamene ndondomeko ya malipiro yotchedwa TSU inayamba mu 2022, pamodzi ndi kubweza ngongole, zimeza gawo lalikulu la misonkho, ndipo chimene chitsalira misewu ndi zipatala za kumidzi n'chochepa, chimabweranso mochedwa, nthawi zina mvula itagwa kale. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chifukwa chake nzika yochenjera ifunsa manambala awiri: ndalama zimene zinalonjezedwa, ndi ndalama zimene zinatulukadi m'thumba limodzi la boma, Conta Única do Tesouro, kudzera pa makina a e-SISTAFE.

Woyang'anira akapitawo onsewa ndi Tribunal Administrativo, bwalo limene lisanthula makontrakiti a boma ntchito isanayambe, ndipo chaka chikatha liwerenga buku lalikulu la Conta Geral do Estado ndi kuuza aphungu zimene lapeza. Kawirikawiri lapeza ndalama zolipidwa popanda mapepala oikira umboni, ndipo chimene chiwawitsa mtima ndi ichi, kuti zolakwa zomwezo zibwerezedwa chaka ndi chaka, ngati kuti chidzudzulo chinalembedwa pamadzi.

Ngati alipo woyesa kuti malamulo amenewa ndi mwambo chabe wa anthu ophunzira, akumbukire zimene zinagwera dziko lino mu 2013 ndi 2014, pamene makampani atatu a boma, ProIndicus, EMATUM ndi MAM, anakongola ndalama zoposa madola 2 biliyoni ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB, ati zogulira zombo zophera nsomba ndi zolondera gombe, ndipo Manuel Chang, amene anali nduna ya zachuma, anasaina kuti boma lidzabweza, osapempha chilolezo kwa aphungu monga lamulo lifunira. Zobisikazo zitaululika mu Epulo 2016, IMF ndi maiko othandiza anaimitsa thandizo lawo, metikali inagwa, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo mlimi wa ku Macanga, amene sanaonepo nyanja ya mchere kapena chombo chilichonse mwa zombozo, analipira ngongoleyo pa thumba la feteleza ndi pa mankhwala osowa kuchipatala. Ofufuza a Kroll anapeza mu 2017 kuti madola 500 miliyoni sanadziwike kumene analowera. Ndipo kafukufuku wa Centro de Integridade Pública ndi Chr. Michelsen Institute wa 2021 anayerekeza kuti dziko linataya madola osachepera 11 biliyoni pakati pa 2016 ndi 2019, ndi kuti anthu pafupifupi 2 miliyoni anagwa mu umphawi. Mlandu suwola: mu Disembala 2022 bwalo la ku Maputo linamanga anthu 11, ndipo Chang, amene anagwidwa ku Johannesburg mu 2018, anapezeka wolakwa ku New York mu 2024.

Chimene ine ndichiyesa chachikulu m'nkhani imeneyi n'chakuti amene anagogoda pakhomo pa bwalo la Conselho Constitucional sanali nduna kapena akazembe, koma mabungwe a anthu wamba a mu Fórum de Monitoria do Orçamento, amene anasonkhanitsa masiginecha a nzika 2,000 monga malamulo afunira. Ndipo bwalolo linagamula mu 2019 kuti ngongole ya EMATUM inali yopanda mphamvu pa lamulo, nagamulanso chimodzimodzi za ziwiri zinazo mu 2020.

Kuno kwathu khomo lili pafupi koposa. Popeza administrador asankhidwa ndi boma lalikulu, ndipo zisankho za m'maboma zimene zinayembekezeka mu 2024 zinaimitsidwa, bwalo la uphungu ndilo malo amene mawu a mudzi angamvekere. Ambiri akumbukira thumba la ngongole la m'maboma lotchedwa sete milhões, limene linayamba mu 2006, m'nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza, ndi mmene ngongole zambiri za thumba lija sizinabwezedwe, mwina chifukwa olandira anaziyesa mphatso, mwina chifukwa ogawa ndi olandira anali amodzi. Lilipo lamulo lina lonena kuti 20 pa 100 ya ndalama zimene boma litolera kwa odula mitengo ya matabwa ibwerere kwa anthu a dera limene mitengoyo yadulidwa. Koma ndalamazo zifika pokhapokha mudzi utakhala ndi komiti yolembetsedwa ndi akaunti yake ku banki, ndipo ofesi ya boma yoona za nkhalango ndiyo yoyamba kufunsidwa ngati zimenezi zinachitika.