Bodza la magazi: zomwe Mulanje ingaphunzire kwa Ayuda

Anthu a ku Chonde ndi madera ena a Mulanje sanaiwale miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala 2017. Mphekesera za anamapopa zitabuka, anyamata ankatchinga misewu, mabanja ankagona panja m'magulu, ndipo mlendo wonyamula chikwama ankamuyang'ana ndi diso lofiira. Anthu osachepera 9 anaphedwa m'chigawo cha kummwera, mmodzi mwa iwo wodwala khunyu yemwe anatenthedwa ku Blantyre. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe.

Koma kodi magazi amapopeka chonchi? Munthu wamkulu amakhala ndi malita pafupifupi 5. A Malawi Blood Transfusion Service amatenga mamililita 450 okha, ndi singano yaikulu yobaya pamtsempha wapamkono, wopereka ali maso kwa mphindi ngati 10. M'thumbamo mumakhala kale mankhwala oletsa kuundana. Popanda mankhwalawo magazi amaundana pamphindi zochepa, osathandizanso aliyense. Akatenga magaziwo amawayeza HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi, n'kuwasunga m'firiji. Singano yotereyi munthu sangabayidwe nayo ali mtulo osadzidzimuka. Chizungulire chimene ena ankadzuka nacho chimabwera ndi malungo, njala, kuchepa magazi, ngakhalenso mantha enieniwo.

Bodzali si lathu tokha. Mu 1144 ku Norwich, m'dziko la England, mnyamata wina atapezeka atafa, Ayuda ndiwo ananamiziridwa. Nkhaniyo inakula m'kupita kwa zaka mpaka kumati Ayuda amapha ana kuti atenge magazi awo. Mu 1946 ku Kielce, ku Poland, Ayuda 42 anaphedwa chifukwa cha mphekesera yoti aba mwana. Apa n'kuti nkhondo imene inapulula Ayuda 6 miliyoni itangotha chaka chimodzi.

Chimene anzathuwa anaphunzira n'kuwerenga chidani chisanafike pa maliro. Ku Britain, bungwe la Community Security Trust limalemba chilichonse chosonyeza chidani pa Ayuda, kaya ndi chitonzo cha pamsewu, kuphwanya manda kapena uthenga woopseza pa intaneti. Mu 2023 linalemba nkhani 4,103, zambiri mwa izo kumapeto kwa chakacho. Kafukufuku wa Anti-Defamation League amene anatuluka mu 2025 anapeza kuti anthu akuluakulu 46 pa 100 alionse padziko lapansi ali ndi maganizo oipa pa Ayuda, pomwe mu 2014 anali 26. Mkangano ulipo ndithu, makamaka pa malire a pakati pa kudzudzula boma la Israel ndi kuda Ayuda. Komabe kaundula alipo, ndipo apolisi amadziwa koti alondere.

Ife timayamba kuwerenga mitembo itagona kale. Anamapopa anamvekanso mu 2002, koma 2017 inatipeza tili manja lende. Alangizi a zaumoyo amalemba odwala kolera m'midzi yawo n'kutumiza malipoti kwa akuluakulu a zaumoyo paboma. Chingawalepheretse n'chiyani kulembanso mphekesera yatsopano, mudzi umene yayambira, ndi amene akulozedwa chala, kaya ndi nkhalamba, mlendo kapena munthu wachialubino?

Mafumu athu, chaka ndi chaka mu Okutobala namtindi wa anthu umasonkhana pa Chonde ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Apatseni azachipatala mpata pabwalopo, aonetse thumba la magazi ndi singano yake anthu adzionere okha.