Mankhwala Opopera M'minda: Poizoni Wolowera Pakhungu

Nyengo ya dzinja ikafika, m'minda ya thonje muno m'boma la Mangochi ndi m'maesiteti a fodya ku Namwera mumaoneka anthu atabereka mipope kumsana. Ambiri amapopera ali chifuwa pamtunda, opanda nsapato, namavundula mankhwala ndi dzanja. Kuyambira 2017, pamene mbozi ya ntchemberezandonda ya mtundu watsopano inasakaza chimanga m'dziko muno, ngakhale alimi a chimanga anayamba kupopera kawirikawiri.

Kodi mankhwalawa amalowa bwanji m'thupi? Njira zilipo zitatu: pakamwa, m'mphuno ndi pakhungu. Kwa munthu wopopera, njira yaikulu ndi khungu, makamaka kuno kunyanja kumene kumatentha, thukuta lili kamukamu, mpope nkumadonthera pamsana tsiku lonse.

Mankhwala monga dimethoate ndi Actellic, uja timathira m'chimanga poteteza anankafumbwe, ali m'gulu la organophosphate. Amapha tizilombo poletsa kanthu kena ka m'thupi, kotchedwa acetylcholinesterase, kamene kamathandiza mitsempha kupumula ikatha kutumiza uthenga. Munthu nayenso ali nako kanthuka. Kakaletsedwa, mutu umapweteka, malovu ndi thukuta zimachuluka, munthu amasanza ndi kutsekula m'mimba, mwana wa diso amachepa ndipo kupuma kumavuta. Ena amayesa malungo kapena ufiti, nataya nthawi. Cypermethrin amayabwa ndi kutentha khungu, komanso ndi woopsa kwambiri kwa nsomba. Kutsukira mpope m'nyanja, mu Shire kapena ku Malombe ndi kudzithirira poizoni m'ndiwo.

Malamulo alipo. Lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito limalamula olemba ntchito kuteteza antchito awo. Lamulo la 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, lomwe limalembetsa mankhwala ololedwa ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Choncho wantchito kapena tenanti wopempha magolovesi, jombo, ovololo ndi chotseka pamphuno sakuchita mwano ayi.

Tichitenji tsono? Tipopere m'mawa kapena madzulo kunja kukazizira, mphepo ikuchokera kumbuyo kwathu. Tisadye, kumwa kapena kusuta tikupopera. Nozo ikatsekeka tisaipemerere ndi pakamwa. Ana ndi amayi oyembekezera asagwire ntchitoyi. Tisagule mankhwala othiridwa m'mabotolo opanda chizindikiro, ndipo chigubu chotha tichiboole kuti wina asatungiremo madzi.

Wina akadwala, mvuleni zovala, msambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, nkuthamangira naye kuchipatala mutatenga botolo lija kuti adokotala adziwe mankhwala oyenera, monga atropine. Mkaka suchotsa poizoni, ndipo musamsanzitse.

Anzathu aseminale, popita kutchuthi tidzakhale ife owawerengera makolo malangizo a pabotolo, pakuti ambiri amalembedwa m'Chingelezi.