Mpikisano Umene Nkhalamba Ikhoza Kugonjetsa Mnyamata

M'dera la Mfumu Changata, monganso m'madera ena a boma la Thyolo, masewera a mpikisano amaoneka ngati chuma cha anyamata ndi atsikana okha. Kumathero a sabata mabwalo a sukulu ndi a m'maesiteti a tiyi amadzaza ndi anthu oonerera mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye, koma munthu akangofika zaka 35 kapena 40 amavula yunifolomu nakaima kunja kwa mzere pamodzi ndi ochemerera. Chifukwa chake nchodziwika: palibe bambo amene amafuna kupitidwa liwiro ndi mwana wa mlongo wake mudzi wonse ukuona. Chodandaulitsa nchakuti msinkhu umene anthu amalekera masewera ndi womwewo umene matenda a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga amayamba kugogoda pakhomo.

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la World Health Organization anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa 90 mwa 100 a iwo sanali kudziwa kapena sanali kulandira mankhwala. Odwala shuga anali pafupifupi 6 mwa 100. Kusalimbitsa thupi sindiko kokha kumene kumabweretsa matendawa; mchere wambiri m'ndiwo, mowa, fodya, kunenepa, ukalamba ndi mtundu wa kubanja zonse zili ndi mbali yake. Ndipo mayi amene amakwera ndi kutsika m'mizere ya tiyi tsiku lonse dengu lili kumsana, palibe angamunene kuti thupi lake likusowa ntchito. Koma pafupi ndi esiteti iliyonse pali gulu lina la anthu: alembi a m'maofesi, aphunzitsi, madalaivala, eni magolosale, osoka zovala, ndiponso akuluakulu amene anapuma pantchito. Amenewa dzuwa limawalowera ali pampando.

Kuopsa kwa mpando kunadziwika kalekale. Mu 1953 dokotala wina wa ku London, Jeremy Morris, anafalitsa zimene anapeza atayerekeza madalaivala a mabasi a mumzindawo ndi makondakitala amene ankakwera ndi kutsika makwerero a mabasi osanjikana. Matenda a mtima anali ochuluka mwa madalaivala. Lero bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kunena nkosavuta. Chovuta ndi kupeza chinthu chimene chingamukoke bambo wa zaka 55 kuti abwerere kubwalo sabata ndi sabata kwa zaka zambiri. Njira imodzi yothetsera vutoli inapezeka m'masewera akale kwambiri amene ku Malawi kulibe.

Kholo la tenisi

Masewerawa Angelezi amawatcha real tennis, Afalansa amati jeu de paume, ndiye kuti masewera a chikhatho, popeza pamene ankayamba ku France zaka zoposa 800 zapitazo mpira unkamenyedwa ndi dzanja. Zomenyera zolukidwa ndi zingwe zinabwera m'zaka za m'ma 1500. Amaseweredwa m'nyumba yaitali pafupifupi mamita 33 ndi yotambalala mamita 12, ya makoma olimba. Mbali zitatu za nyumbayo zili ndi timadenga topendekeka tonga khonde, ndipo mpira woyambira umayenera kugunda pa kadenga kameneka usanagwere kwa mnzako. M'makoma muli mazenera ena amene mpira ukalowamo pointi yatheka. Mipira yake imasokedwa ndi manja ndipo ndi yolimba ndi yolemera kuposa ya tenisi yodziwika. Chomenyera ndi cha mtengo, chopindika mutu.

Mafumu ankawakonda. Henry VIII wa ku England ankasewera ku Hampton Court, ndipo ku Falkland Palace ku Scotland kuli bwalo lomangidwa mu 1539 limene likugwirabe ntchito. Ulemu wa katswiri wa dziko lonse wakhala ukulimbiranidwa kuyambira cha m'ma 1740. Komabe masewerawa sanafalikire, chifukwa nyumba yake ndi yokwera mtengo. Mabwalo amene akugwira ntchito lero ndi pafupifupi 50 okha, ndipo ali m'maiko anayi: Britain, France, United States ndi Australia.

Akatswiri olipidwa ndi ochepa. Moyo wa masewerawa uli m'manja mwa anthu wamba amene amasewera mongokonda ataweruka kuntchito, ndipo iwowa ali ndi mipikisano yawoyawo. Kalabu ya MCC ku London yakhala ikupereka mphotho zotchedwa Gold Racquet ndi Silver Racquet kuyambira 1867. Chikho cha Bathurst Cup, chimene chinayamba mu 1922, amalimbirana ndi matimu a maiko a anthu osalipidwa. Makalabu a ku Britain amapikisana chaka ndi chaka pa Pol Roger Trophy, Field Trophy ndi Brodie Cup, ndipo chomalizachi chinakonzedwera osewera apakatikati, amene sangalote zokhala akatswiri.

Kumuyambitsa mnzako patsogolo

Chimene chili ndi phindu kwa anthu a kwa Changata si nyumbayo kapena zikhozo ayi, koma lamulo lotchedwa handikapu. Mwana aliyense wa m'mudzi amalidziwa ngakhale sanamvepo dzina lake. Mkulu akafuna kuthamanga ndi mng'ono wake amamuuza kuti akayambire pa mtengo wa mango uko, iye nkuyambira pano, cholinga chili chakuti pofika kumathero onse awiri akhale atatuluka thukuta.

M'makalabu a real tennis wosewera aliyense ali ndi nambala yosonyeza luso lake. Nambala ikachepa ndiye kuti munthuyo ndi waluso. Oyamba kumene amakhala pa 60 kapena kupitirira, pamene akatswiri enieni amatsika kupyola 0. Anthu awiri akafuna kusewera, amayang'ana kusiyana kwa manambala awo. Mapointi a tenisi amawerengedwa 15, 30, 40, kenaka gemu yatha. Tsono wofooka akhoza kuyamba gemu iliyonse ali kale ndi 15 kapena 30, ndipo wamphamvu akhoza kuyamba ali ndi ngongole ya pointi imene ayenera kuyamba wabweza asanayambe kuwerengeredwa. Kusiyana kukakhala kwakukulu zedi, wamphamvuyo amaloledwa kuponya mpira woyambira kamodzi kokha m'malo mwa kawiri, kapena kuletsedwa kulunjika mbali zina za khoma. Masewero akatha zotsatira zimalembedwa, ndipo nambala ya wopambana imatsika pang'ono, ya wogonja nkukwera. Motero munthu amene akukalamba sachotsedwa m'gulu. Nambala yake imangokalamba naye limodzi.

Zotsatira zake nzakuti agogo a zaka 70 ndi mdzukulu wa zaka 17 amalowa m'bwalo wina asakudziwa amene atuluke akumwetulira. Mwamuna ndi mkazi wake amapikisana popanda wina kuchita kunamizira kulephera. Masewerawo pawokha amalemekezanso nzeru kuposa liwiro. Robert Fahey wa ku Australia anakhala katswiri wa dziko lonse kuyambira 1994 mpaka 2016, nautenganso ulemuwo mu 2018 atatsala masiku ochepa kukwanitsa zaka 50, ndipo Camden Riviere wa ku United States anadzamulanda mu 2022.

Kodi kupikisana ndi anzako kuli ndi phindu loposa kungothamanga wekha? Madokotala a ku Copenhagen ku Denmark anatsatira anthu oposa 8,500 kwa zaka zofika 25, ndipo mu 2018 anafalitsa zimene anapeza. Poyerekeza ndi anthu ongokhala, osewera tenisi anali ndi moyo wotalikirapo ndi zaka 9.7, a badminton 6.2, a mpira wamiyendo 4.7, opalasa njinga 3.7, ndipo othamanga okha 3.2. Manambalawa ayenera kuwerengedwa mosamala, pakuti kafukufuku wotere amangoonetsa zinthu zimene zimayendera limodzi, ndipo osewera tenisi kawirikawiri amakhala anthu opeza bwino. Komabe ofufuzawo anaona kuti masewera amene anali patsogolo onse ndi ofuna anthu awiri kapena kuposerapo. Munthu amene mnzake akumudikira pabwalo sapeza msanga chifukwa chogonera.

Tenisi ya ku Thyolo ndi ya pamsewu

Tenisi imene imadziwika ku Malawi ndi mwana wa real tennis. Mu 1874 Walter Wingfield wa ku Britain anayamba kugulitsa zida za masewera ofanana nawo oseweredwa panja pa kapinga, ndipo mu 1877 mpikisano woyamba wa Wimbledon unachitika. Azungu amene anabwera kudzalima tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo anabwera nawo masewerawa, nakonza mabwalo pafupi ndi nyumba zawo ndi m'makalabu monga Thyolo Sports Club. M'nthawi ya atsamunda makalabu otere anali a azungu, ndipo mwana wa Mmalawi ankalowamo kukatola mipira. Dzina lakuti tenisi ndi masewera a mabwana linachokera pamenepo, ndipo mtengo wa chomenyera ndi mipira ukulisungabe.

Anthu a pa chilumba cha Barbados, dziko la minda ya nzimbe, anakumana ndi khomo lotsekedwa lomwelo m'zaka za m'ma 1930. Iwo sanadikire kuti litseguke. Anajambula bwalo pamsewu, lotalika mamita 6.4 ndi lotambalala mamita 3, naika thabwa lotalika masentimita 20 kuchoka pansi m'malo mwa ukonde. Zomenyera anasema za matabwa, mpira anatenga wa tenisi wakutha nausenda ubweya. Wofika pa mapointi 21 ndiye wapambana. Masewerawa, otchedwa road tennis, lero amanyadiridwa ndi dziko lonse la Barbados ndipo ali ndi mipikisano ikuluikulu. Palibe chida chake chimene kalipentala wa pa Makwasa angalephere kupanga.

Bwalo la kukula kotere likhoza kukwana paseli pa sukulu, pa tchalitchi kapena pabwalo la mfumu. Dothi la pachulu lotsindiridwa bwino ndi kuwazidwa madzi limauma ngati simenti. Ndilo linkagwiritsidwa ntchito pa mabwalo ambiri a tenisi kum'mwera kwa Afirika. Mizere ijambulidwe ndi laimu kapena phulusa. Chofunika kuposa zonsezi ndi kope limodzi ndi mlembi wokhulupirika. M'kopemo mulembedwe maina a onse, amuna ndi akazi, ndi nambala ya aliyense. Ngati mpikisano ndi wa mapointi 21, wofooka ayambe ndi 5, kapena 8, kapena 12, malinga ndi kusiyana kwawo. Amene wapambana kawiri motsatizana achotseredwe pointi imodzi ya poyambira, wogonja kawiri awonjezeredwe. Mpikisano woti wogonja atulukiretu suthandiza pa za umoyo, chifukwa amene akusowa kwambiri zolimbitsa thupi ndiye amayamba kutuluka. Woyenera ndi wakuti aliyense akumane ndi aliyense. Lamulo lomweli likhoza kugwiranso ntchito pa volebo, pa ntchemberembaye ndi pa mpira wamiyendo wa akuluakulu, timu ina nkuyamba ili ndi zigoli.

Nyengo ya Thyolo imadzisankhira yokha miyezi ya mpikisano. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amaphuka kwambiri, minda ya chimanga ikufuna khasu, ndipo bwalo la dothi limakhala matope. Meyi mpaka Sepitembala ndiyo nthawi yabwino, kupatula masiku a chiperoni pamene pansi pamaterera. Mu Okutobala ndi Novembala masewera achitike m'mawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo madzi akumwa aukhondo akhale pafupi.

Asanalowe m'bwalo

Munthu wopitirira zaka 40 amene wakhala nthawi yaitali osasewera ayambe wapita kukayezetsa magazi ku chipatala chaching'ono cha m'dera lake, ku Malamulo kapena ku chipatala chachikulu cha boma pa Thyolo. Kuthamanga kwa magazi kawirikawiri sikumva kuwawa, ndipo munthu wooneka wathanzi akhoza kukhala nako. Muyeso ukamapezeka pa 140/90 kapena kuposerapo pa masiku osiyana, a chipatala ndiwo anene zoyenera kuchita. Ambiri amalimbikitsidwa kusewera ndithu, uku akumwa mankhwala. Masewera salowa m'malo mwa mankhwalawo. Wodwala shuga asalowe m'bwalo ndi njala, asunge kanthu kotsekemera m'thumba, ndipo avale nsapato, pakuti chilonda cha kuphazi chimachedwa kupola mwa iye.

Masabata oyamba akhale a mphindi 15 kapena 20 zokha, ndipo tsiku lililonse liyambe ndi kuyenda mwandawala ndi kuwongola miyendo, mapewa ndi msana. Amene wamva kuwawa kapena kufinya pachifuwa, chizungulire, phuma losadziwika bwino, kapena mtima kugunda mosalongosoka aleke pomwepo ndipo aperekezedwe kuchipatala, ngakhale atatsala ndi pointi imodzi kuti apambane. Wodwala malungo kapena wotentha thupi adikire mpaka atachira.

Ngozi yofala pa masewera otere ndi kubinya kakolo. Mwendo wobinyawo upumitsidwe, uikidwe nsalu yoviika m'madzi ozizira kwa mphindi 15 kapena 20 kangapo pa tsiku, umangidwe ndi bandeji mosathinitsa, ndipo utsamiritsidwe pamalo okwera. Kuuthowa ndi madzi otentha, kuukoka kapena kutemerapo mphini tsiku loyamba kumangowonjezera kutupa. Ngati munthuyo akulephera kuponda ngakhale mapazi anayi, kapena fupa likuwawa polikhudza, apite naye kuchipatala kuti akaone ngati silinathyoke.