Masekondi Atatu a ku Munich

Mphunzitsi aliyense woimbira basiketibolo, ngakhale pabwalo la sukulu ku Nchema, ayenera kudziwa mlandu uwu. M'chaka cha 1972, pa Olimpiki ya ku Munich, Amereka ankatsogola 50-49 kutatsala masekondi atatu. Kochi wa Soviet Union, Vladimir Kondrashin, anadandaula kuti anapempha nthawi yopuma koma sanapatsidwe. Masekondiwo anabwerezedwa, Alexander Belov nagoletsa: 51-50. Amereka sanalandire mendulo zawo zasiliva mpaka lero.

Tsopano lamulo la FIBA likuti wopempha ndi kochi kapena womtsatira, kudzera ku tebulo la wolemba zigoli. M'mphindi ziwiri zomaliza, timu siipuma koposa kawiri. Woimbira wosasamala pempho lotere angalande ana chipambano chimene anachikhetsera thukuta.