Kuthamanga si kufika: zimene thupi limakumana nazo pa mpikisano wa makilomita 226

Mu February 1982, kunja kutada kale, mtsikana wa zaka 23 dzina lake Julie Moss anali patsogolo pa amayi onse pa mpikisano wa Ironman m'tauni ya Kailua-Kona ku Hawaii. Anali atasambira m'nyanja m'mamawa, atapalasa njinga dzuwa lili paliwombo, ndipo tsopano amatsiriza liwiro la makilomita 42. Mzere womalizira ukuonekera poteropo, miyendo inamukana, nagwa. Anadzuka, n'kudzandira pang'ono, n'kugwanso. Ali pansi choncho, Kathleen McCartney anamudutsa n'kupambana. Moss anakwawa ndi manja ndi mawondo mpaka anakhudza mzerewo, patapita masekondi 29.

Moss sanali katswiri wolipidwa. Anali wophunzira wa pakoleji ku California amene analowa mpikisanowu ngati gawo la maphunziro ake a momwe thupi limagwirira ntchito pamasewera. Wayilesi ya kanema ya ABC itaonetsa kukwawa kwakeko, anthu wamba ochuluka anayamba kulakalaka kudziyesa pa mpikisanowu. Mpaka lero, ambiri oima pamzere woyambira ndi aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'mabanki ndi amalonda, amene amadzilipirira okha ndipo amapikisana m'magulu a msinkhu wawo. Kodi chimachitika n'chiyani m'thupi la munthu wotere pa tsiku lalitali chonchi?

Mpikisano wobadwa pa mtsutso

Triathlon ndi masewero atatu ochitika motsatizana, wotchi osaima: kusambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga. Ku Olympics, komwe inalowa mu 2000 ku Sydney, mitunda yake ndi kilomita imodzi ndi theka m'madzi, makilomita 40 panjinga ndi 10 pansi. Ya mtunda wautali, monga Ironman, ndi nkhani ina: makilomita 3.8 m'madzi, 180 panjinga ndi 42.2 pansi, onse pamodzi 226. Gawo la njinga lokha limaposa ulendo wochoka ku Blantyre kukafika ku Zomba n'kubwereranso.

Chiyambi chake chinali mtsutso wa anthu okonda masewero pachilumba cha Oahu ku Hawaii: wolimba kwambiri ndani pakati pa wosambira, wopalasa njinga ndi wothamanga? John Collins, msilikali wapamadzi wa ku America, ndi mkazi wake Judy anaganiza zolumikiza mipikisano itatu yomwe inkachitika kale pachilumbacho. Pa 18 February 1978 amuna 15 anayamba, 12 anatsiriza, ndipo Gordon Haller anapambana atatenga maola 11, mphindi 46 ndi masekondi 58. Mu 1981 mpikisanowu unasamukira ku Kona. Kuno kum'mwera kwa Africa, wodziwika kwambiri umachitikira ku Gqeberha, mzinda womwe kale unkatchedwa Port Elizabeth, kumene mphepo ya kunyanja imasautsa apanjinga.

Akatswiri aamuna amatsiriza m'maola pafupifupi 8, ena kucheperapo. Munthu wamba amatenga maola 11, 13 kapena 16, ndipo malire omwe anazolowereka ndi maola 17. Izi zikutanthauza kuti wamba amakhala padzuwa ndi pamphepo nthawi yotalikirapo kuposa katswiri, ndipo zolakwa zazing'ono za pa kadyedwe ndi kamwedwe zimakhala ndi maola ambiri oti zikule.

Ufa wa m'ndowa ndi chimanga cha m'nkhokwe

Thupi limasunga mphamvu m'njira ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi, amene madokotala amamutcha glycogen. Munthu wamkulu amakhala naye pafupifupi theka la kilogalamu, wokwanira makalori pafupifupi 2,000. Yachiwiri ndi mafuta, omwe ngakhale munthu wochepa thupi ali nawo ochuluka kwambiri.

Glycogen ali ngati ufa wa m'ndowa ya kukhitchini: ndi wochepa, koma madzi akangowira nsima yapsa. Mafuta ali ngati chimanga cha m'nkhokwe: n'chambiri, koma chimafuna kutongola, kukonola ndi kupita nacho kuchigayo. Munthu akathamanga mwaphuma, thupi limatapa kwambiri ufa wa m'ndowa uja. Akamayenda pa liwiro loti angathe kuyankhula ndi mnzake, gawo lalikulu la mphamvu limachokera kunkhokwe.

Vuto ndi lakuti tsiku la mpikisanowu limadya makalori 8,000 mpaka 10,000, pomwe ndowa ija ili ndi 2,000 okha. Ikauma, miyendo imalemera ngati yamangiriridwa miyala. Shuga wa m'magazi akatsika, ubongo nawo umavutika: munthu amachita chizungulire, amakwiya popanda chifukwa, amasokonezeka ngakhale pa zinthu zapafupi. Wothamanga akamadzandira kumapeto kwa mpikisano monga anachitira Moss, kawirikawiri ndowa ija imakhala itauma, kutentha ndi kuchepa kwa madzi zikuwonjezera moto.

Choncho wopikisana amadya ali paulendo, makamaka panjinga pomwe mimba siigwedezeka kwambiri. Koma matumbo ali ndi malire ake. Amatha kulowetsa m'magazi magalamu pafupifupi 60 a shuga wa mtundu wa glucose pa ola, mlingo wofanana ndi nthochi ziwiri kapena zitatu zakupsa. Ofufuza, mmodzi wa iwo Asker Jeukendrup, anaonetsa kuti kusakaniza glucose ndi fructose, shuga wopezeka m'zipatso ndi mu uchi, kumakweza mlingowu kufika pa magalamu 90, chifukwa aliyense ali ndi khomo lake lolowera m'matumbo. Kudya zoposa zimene mimba inazolowera kumabweretsa nseru, kusanza ndi kutsegula m'mimba, pakuti magazi ambiri amakhala atapita kuminofu ndi kukhungu. N'chifukwa chake odziwa amati mimba nayo imaphunzitsidwa, ndipo tsiku la mpikisano si loyesera chakudya chachilendo.

Madzi akachuluka amapha

Tonse tinakula tikumva kuti wogwira ntchito padzuwa azimwa madzi ambiri. N'zoona kuti thukuta limatha kuchotsa lita imodzi kapena awiri pa ola kukatentha, ndipo kuchepa kwa madzi kumapangitsa mtima kugunda mofulumira ndi liwiro kutsika. Koma pali ngozi ina imene ambiri saidziwa, ndipo imakonda anthu wamba kuposa akatswiri.

Mu 1985, Tim Noakes wa pa University of Cape Town ndi anzake anafotokoza za othamanga mitunda italiitali amene anadwala kwambiri chifukwa chomwa madzi opitirira muyeso. Mmodzi wa iwo anali mayi wothamanga Comrades Marathon, mpikisano wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg. Matendawa amatchedwa hyponatremia. Munthu akamwa madzi ochuluka kuposa amene akutaya, mchere wa sodium m'magazi umasukuluka n'kutsika kupitirira mlingo wa 135, womwe ndi malire a munthu wabwinobwino. Madziwo amalowa m'maselo n'kuwatupitsa. Ubongo ukatupa umasowa kolowera chifukwa uli m'chigaza, ndipo zotsatira zake ndi mutu waukulu, kusanza, kusokonezeka, kukomoka, mwinanso imfa.

Pa Ironman ya ku New Zealand ya 1997, Dale Speedy ndi anzake anayeza magazi a anthu 330 omwe anatsiriza, napeza kuti 18 mwa 100 alionse anali ndi vutoli. Pa Boston Marathon ya 2002, kafukufuku wa othamanga 488 anapeza 13 mwa 100 alionse. Omwe amagwidwa kwambiri ndi oyenda pang'onopang'ono, chifukwa satuluka thukuta lambiri koma amaima pa tebulo lililonse la madzi kwa maola ochuluka.

Choopsa n'chakuti zizindikiro zake zimafanana ndi za kuchepa kwa madzi, ndipo wachifundo angathe kumuthira wodwalayo madzi ena m'kamwa n'kumuonjezera tsoka. Langizo la madokotala ambiri lero ndi lomwa molingana ndi ludzu. Njira yodziwira thupi lako ndi yosavuta: kukwera sikelo usanayambe kulimbitsa thupi ndiponso ukamaliza. Kilogalamu imodzi yotayika ndi pafupifupi lita imodzi ya thukuta. Ukapezeka walemera kuposa poyamba, wamwa mopitiriza. Zakumwa zokhala ndi mchere zimathandiza, koma sizitchinjiriza munthu amene akumwabe mopanda malire.

Kutentha, impso ndi mankhwala a ululu

Minofu ikamagwira ntchito, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphamvu yake amasanduka kutentha. Thupi limakutaya kudzera m'thukuta louma pakhungu, koma mpweya ukakhala wachinyezi monga ku Kona, thukuta limangoyenderera osauma. Kutentha kwa m'kati mwa thupi kukapitirira madigiri 40 ndipo munthu wayamba kubwebweta kapena kudzandira, moyo uli pachiswe. Chithandizo chake ndi kumuziziritsa nthawi yomweyo, makamaka pomuviika m'madzi ozizira kwambiri, asanamunyamule kupita kuchipatala. Chosangalatsa n'chakuti thupi limazolowera: masiku 10 mpaka 14 olimbitsa thupi pamalo otentha amapangitsa thukuta kuyamba msanga, kutaya mchere wochepa, ndi madzi a m'magazi kuchuluka.

Impso nazo zimakhala pa ntchito yaikulu. Minofu ikaphwanyika kwambiri imatulutsa zinthu zomwe zingatseke timisefa ta impso, ndipo mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka. Woona zimenezi athamangire kuchipatala. Kumwa mankhwala opha ululu a mtundu wa ibuprofen kapena diclofenac pampikisano kumachepetsa magazi opita ku impso pa nthawi yomwe zikuwafunitsitsa, choncho madokotala a zamasewero amaletsa chizolowezi chimenechi.

Gawo lalifupi ndilo loopsa

Munthu angaganize kuti ngozi yaikulu ili kumapeto, thupi litatopa. Kafukufuku wa Kevin Harris ndi anzake a ku Minneapolis, wofalitsidwa mu 2017, anasonyeza zosiyana. Pa mipikisano ya triathlon ya ku America kuyambira 1985 mpaka 2016 anapeza anthu 135 amene anamwalira kapena mtima wawo unaima mwadzidzidzi, ndipo 90 mwa iwo zinawachitikira posambira. Ambiri anali amuna, ndipo chiopsezo chinkakula ndi msinkhu, makamaka kupitirira zaka 40. Pafupifupi theka la omwe matupi awo anapimidwa anapezeka ndi nthenda ya mtima yomwe sinkadziwika.

Poyerekeza ndi mamiliyoni a anthu omwe anapikisana, chiwerengerochi n'chochepa, anthu osakwana awiri pa 100,000 alionse. Komabe chikuphunzitsa kanthu. Poyambira pamakhala mantha, madzi ozizira, khamu likumenyana zigongono ndi zidendene, mtima n'kuthamanga mwadzidzidzi. Wodwala ali pamsewu amakhala pansi anthu n'kumuona, koma m'madzi opulumutsa amachedwa kumuzindikira. Aliyense wofuna kuyamba, makamaka wopitirira zaka 40, wodwala BP kapena shuga, wosuta fodya, kapena amene kubanja kwawo wina anagwa n'kufa mwadzidzidzi akadali wamng'ono, ayambe waonana ndi dokotala. Kupweteka pachifuwa, kubanika kosazolowereka ndi kukomoka polimbitsa thupi si zinthu zopirira.

Miyezi ya m'bandakucha

Mpikisano weniweni wa munthu wamba umachitika miyezi yambiri tsikulo lisanafike. Ambiri amakonzekera kwa theka la chaka kapena kuposerapo, maola 10 mpaka 15 pa sabata, kudzuka tambala woyamba kuti akasambire asanapite kuntchito, Loweruka n'kuthera panjinga. Mtima ndi mapapo zimalimba m'masabata ochepa, koma mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu zimatenga miyezi. Wowonjezera mtunda mwaphuma amathera pa bondo lotupa kapena fupa long'aluka. Thupi limamangika pa nthawi yopuma ndi yogona, ndiye tulo ndi gawo la maphunzirowo. Anzeru amayamba ndi mipikisano yaifupi, kenako ya theka, ya makilomita 113, asanayese yonse.

Wokonzekera ali kuno kwathu ali ndi zina zoti asamale. Nyanja ya Malawi ndi malo abwino ophunzirira kusambira pamtetete, koma m'madera ena muli nkhono zofalitsa likodzo, choncho wosambiramo kawirikawiri aziyezetsa ndi kulandira mankhwala a praziquantel akafunika. Malungo amachepetsa magazi, ndipo wongochira kumene asathamangire kubwerera pa mtunda wautali. Munthu akakhala ndi malungo kapena thupi likutentha, kulimbitsa thupi kuime kaye. Pamsewu, chisoti ndi zovala zowala n'zofunika kuposa njinga yodula. Za kupirira zokha sitichita kubwereka kwina: a kabaza amene amakwera zitunda atanyamula munthu ndi thumba la chimanga, kapena othamanga Porters Race paphiri la Mulanje, matupi awo amatsata malamulo omwewa a shuga, madzi, mchere ndi kutentha.

Ofika pakati pa usiku

Ku Kona, khamu lalikulu limasonkhana ola lomaliza, ndipo nthawi zambiri opambana amabwerera pamzere kudzalandira otsiriza. M'gulu la ofika mochedwa chonchi, ku Kona ndi kwina, mwatuluka mbiri zazikulu. Sister Madonna Buder, sisitere wa Chikatolika wa ku America, anatsiriza Ironman ya ku Canada mu 2012 ali ndi zaka 82. Hiromu Inada wa ku Japan anatsiriza ya ku Kona mu 2018 ali ndi zaka 85. Mu November 2020 ku Florida, Chris Nikic anakhala munthu woyamba wobadwa ndi Down syndrome kutsiriza mtundawu, atatenga maola 16, mphindi 46 ndi masekondi 9.

Palibe mmodzi wa atatuwa amene akanaposa mnyamata wamphamvu pa liwiro la makilomita asanu. Komabe chaka ndi chaka anyamata amphamvu amathera m'tenti ya achipatala chifukwa anapalasa mwaukali m'mawa, anaiwala kudya masana, kapena anamwa madzi mopitiriza madzulo. Otsirizawa anafika chifukwa anadziwa kukula kwa ndowa yawo ya ufa, nayenda pa liwiro loti iwakwanire mpaka usiku. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo pa makilomita 226 amenewa, sikelo ndi zoyezera magazi zikugwirizana nawo.